Mutu 6: Kaphukusi Kosalemera ka Mayi Olipa

1. Lamulo la Sikelo

Funsani aliyense mu Perth muno, kuyambira ku Balga mpaka ku Maddington, kuti ndani amasamutsa katundu wa Amalawi osaswa ngakhale kapu imodzi. Akuuzani dzina limodzi lokha: Goodwill Lamson. Ndine ameneyo.

Ndasenza matumba a simenti ku Kanengo. Ndakankha ngolo pa doko la Durban. Ndapsa ndi dzuwa ku Dubai, ndadya fumbi lofiira ku migodi ya Pilbara. Kuno ndinafika ndi chikwama chimodzi ndi nsapato zobwereka. Lero ndili ndi malole atatu, ndipo dzina langa limawerengeka munthu ali tsidya lina la msewu. Koma chachikulu ndi ichi: chiyambireni ntchito imeneyi, katundu wonyamula ine sanabwezedwepo ku doko. Ngakhale kamodzi!

Mbiri imeneyi inatsala pang'ono kuthyoka msana Lachisanu lina mu Disembala, dzuwa likuwotcha ngati lakwiyira munthu.

Tsiku limenelo ndinali ndi Gladness, mwana wa mlongo wanga Margreth. Anali atangomaliza mayeso ake otsiriza a sekondale. Kuno anabwera ali ndi zaka zinayi, choncho Chichewa amamva chonse, koma poyankha lilime lake limathawira ku Chingerezi. Amayi ake ndiwo anandipempha. Anati, "Achimwene, mutengeniko pa tchuthichi, angamere mizu pa sofa."

Ntchito yathu inali ya Mayi Perpetua a ku Girrawheen, nesi amene anali atapuma pa ntchito ndipo ankabwerera kwawo ku Area 25, ku Lilongwe. Katundu wawo ankayenera kufika ku depoti ya pafupi ndi doko la Fremantle 3 koloko isanakwane, kuti akalowe mu kontena yokwera sitima ya sabata imeneyo. Sitima yotsatira inali ya mu Febuluwale. Nyumba ankaibweza kwa mwini wake m'mawa mwake, ndege yawo inali ya Lolemba. Kuphonya 3 koloko kunali kusiya katundu wa moyo wawo wonse pa kapinga wa m'mbali mwa msewu.

Tinayambira pa sikelo ya malole ku Malaga. Woyang'anira pamenepo ndi Mwaba, mnzanga wa ku Zambia. Anasuzumira pa windo la kaofesi kake n'kuseka.

"Ba Goodwill, mwaleta wa nchito wanyowani? Aka kamwana kazanyamula filiji?"

"Magazi a Lamson amenewo," ndinamuyankha. "Akakwiya anyamula ndi iwe yemwe."

Ndinakweza lole pa sikelo, ndinatsika, ndipo ndinamuimika Gladness pamene manambala amaonekera.

"Giladi, tsegula makutu. Mwini katundu amalipira pa kilo. Nanga makilowo timawadziwa bwanji? Lole timaiyeza kawiri, yopanda katundu ndi yodzaza, kenako timachotsera. Chotsalacho ndiye katundu wa munthu. Koma kuti chotsalacho chikhale choona, lole ya m'mawa ndi ya masana ikhale imodzimodzi. Tanki yodzaza m'mawa, yodzazanso masana. Mabulangete, zingwe ndi ngolo zikhale momwemo maulendo onse awiri. Munthu asakhale mkati, ngakhale ine mwini wake. Ku Durban ndinaona anthu akuyeza lole yopanda dizilo m'mawa, masana n'kudzaza tanki ndi kubisa anyamata awiri onenepa kuseri kwa sofa. Mayi wina analipirira anyamata aja ngati mipando. Kumeneko ndi kuba, kuba kovala yunifomu. Ndiponso mwini katundu ali ndi ufulu woima pano ndi kuona manambala ndi maso ake. Chomaliza, ndipo ichi usachiiwale: tikayeza kachiwiri, chitseko chatsekedwa. Simulowa singano, simutuluka supuni. A ku depoti amayezanso. Tikiti yathu ikanena zina, sikelo yawo n'kunena zina, safunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Amangoti tembenuka. Wamva?"

"Ndamva, ankolo," anatero, uku akumanga tsitsi lake.

2. Ku Girrawheen

Mwanayo anagwira ntchito, ndisaname. Firiji, makina ochapira, mabedi awiri, sofa, mapoto, mabuku a unesi olemera ngati njerwa, zonse tinazikulunga ndi kuzimanga. Pamene ine ndimati "kweza", iye anali atakweza kale.

Titamaliza tinadzazanso tanki n'kubwerera ku Malaga pamodzi ndi Mayi Perpetua. Anaima pa windo la Mwaba, magalasi ali pa mphuno, ndi kuona okha. Katundu wawo anali makilo 1,460. Mwaba anadinda tikiti, ine ndinatseka loko.

Pamenepo tikanalunjika ku Fremantle. Koma Mayi Perpetua anandigwira dzanja.

"A Lamson, a mpingo akudikira kunyumba. Akufuna apempherere ulendo wa katunduyu. Ndiponso aphika. Mungachoke osalawa?"

Munthu woleredwa bwino sakana pemphero. Sakananso nkhuku yootcha. Nthawi inalipo, choncho tinabwerera ku Girrawheen. Abusa anapemphera atagwira chitseko cha lole, tonse tinati amen, ndipo ine ndinaponyera Gladness makiyi a loko.

"Khala pano. Ndikutumizira mbale."

Mkatimo anandipatsa mpando wokhawo umene unatsala, wa mwini nyumba. Wina anandifunsa za Dubai. Mukudziwa inu, munthu akandifunsa za Dubai sindiyankha mwachidule.

3. Mzere wa Tiphukusi

Zimene zinachitika panja ndinazimva pambuyo pake, kwa Gladness ndi kwa eni ake.

Oyamba kufika pa lole anali Mayi Olipa, mtsogoleri wa kwaya, mayi wa mawu omveka makomo atatu. Anali atakumbatira katoni yokulungidwa ndi tepi.

"Mwana wa Margreth! Taona mmene wakulira! Tatsegula apo ndiponyemo kaphukusi ka amayi anga ku Dedza. Majuzi awiri basi. Sikalemera, mphepo ingakaulutse."

Gladness anayankha m'Chingerezi chake chofulumira kuti lole yayezedwa kale ndipo chitseko sichitsegulidwanso.

Mayi Olipa anatsitsa katoni pansi pang'onopang'ono.

"Mwanawe, ndimvere. Kwathu galimoto yopita kumudzi si ya munthu mmodzi. Wopita kwathu amanyamula moni wa anzake, amanyamula sopo wa anzake. Ndi mmene takhalira chiyambire. Amayi ako ali pa shifiti, ndani ankakutenga ku sukulu? Ndani ankakuluka tsitsi Loweruka? Lero ndakupempha malo okwana nkhuku imodzi, iwe ukundiwerengera malamulo m'Chingerezi? Izi ndi zimene timadandaula za ana okulira kuno. Sukulu mukuphunzira, ulemu mukuusiya pa bwalo la ndege. Chabwino. Ndikawauza amayi anga kuti agone ndi chisanu cha ku Dedza chifukwa mwana wa Margreth anakana."

Gladness anayang'ana ku khomo, koma ine ndinali pakati pa chipululu cha Dubai. Anayang'ana katoni. Anatulutsa makiyi.

Loko itangolira, Bambo Davide, mkulu wa mpingo, anatulukira kuseri kwa galimoto yawo atanyamula kiyibodi.

"Ya tchalitchi chathu ku Nsaru, mwanangu. Ndi ntchito ya Mulungu. Igona pamwamba pa matiresi, palibe aizindikire."

Akanawakana bwanji Bambo Davide atawalola kale Mayi Olipa? Ndiye wina analemba pa gulu la pa foni la mpingo kuti lole ya Goodwill ikadali pa Perpetua ndipo malo alipo. Amalawi a ku Girrawheen ndi ku Balga sachedwa pa nkhani ngati imeneyi. Anabwera ndi nsapato za mpira, mabulangete, makina osokera, matayala a njinga, chigayo chaching'ono cha nyama. Aliyense ankanena mawu omwewo, kuti kakewo sikalemera. Aliyense ankamutchula Gladness kuti mwana wabwino.

Pamene ndimatuluka ndikupukuta pakamwa, loko inali pamalo pake, msewu uli zii. Mbale imene ndinamutumizira inali pa sitepe, yosakhudzidwa.

4. Pa Msewu

Tinanyamuka awiriwiri. Ndinatsegula wailesi n'kuyamba kuimba. Pokhota pa mphambano yoyamba lole inandikokera pang'ono, koma ndinangoti ndi nkhuku ndadya ija.

Makiyi a loko anali akadali m'manja mwa Gladness, akuwatembenuzatembenuza.

"Giladi, wadwala? Mwana wa Margreth kusiya nkhuku?"

Tinadutsa maloboti awiri. Kutsogolo kunaoneka chikwangwani cha msewu waukulu wopita kumwera. Munthu ukalowa mmenemo, pobwerera ndi patali.

"Amalume."

Ndinazimitsa wailesi. Mwana ameneyu amanditchula ankolo tsiku lililonse. Akati amalume, ndiye kuti kwagwa kanthu.

"Amalume, tibwerere ku sikelo. Ndinatsegula chitseko."

Ndinaimika lole pambali. Anafotokoza zonse, theka m'Chichewa, theka m'Chingerezi, misozi ili pafupi.

"Bwanji osangokhala chete?" ndinamufunsa. "Mwina a ku depoti sakanaona."

"Akanaona. Munanena nokha. Ndipo katundu akanabwezedwa ndi wa Mayi Perpetua, osati wanga."

Kunena zoona ndinafuna kumukalipira. Koma ndayenda maiko ine, ndikudziwa kuti kukalipa sikuchotsa kilo ngakhale imodzi.

"Chabwino. Walakwa, ndipo wanena nthawi ikadalipo. Tsopano mvera. Chilichonse chili m'lole muno chikupita m'dzina la Mayi Perpetua. Akachiyeza, alipira ndi iwo. Akachitsegula pa malire n'kupeza chosayenera, ayankha ndi iwo. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Ndiye chitseko unatsegula ndiwe, mafoni uimba ndiwe. Ine ndiyendetsa basi."

Ndinatembenuza lole ngati njinga. Si aliyense angathe zimenezo pa msewu wa Marangaroo, koma ine ndinaphunzirira pakati pa mathiraki a pa doko.

5. Majuzi Awiri

Mwaba atationa anatukula manja.

"Ba Goodwill, kachitatu? Mwaikonda sikelo yanga!"

Tinadzaza tanki, tinatsika, anayeza. Lole inali itanenepa ndi makilo 180.

"Tiphukusi tosalemera," anatero Gladness motsitsa mawu.

Foni yoyamba anaimbira Mayi Perpetua. Posakhalitsa anafika, ndipo amene anawabweretsa pa galimoto anali Mayi Olipa. Anatipeza titatsitsa zonse zachilendo ndi kuziyala pa simenti, pafupi ndi sikelo yaing'ono imene ndimayenda nayo.

Mayi Perpetua anayang'ana muluwo, kenako wotchi yawo.

"Sindikufuna kukhumudwitsa anthu," anatero. "Amene anene zili mkati mwa phukusi lake ndi kuvomera kulipira makilo ake, lipite. Ndiyamba ndalipira ine, adzandibwezere. Koma changu, ana inu."

Gladness ananyamula katoni ya Mayi Olipa ndi kuiika pa sikelo. Anagwada pang'ono monga mwa ulemu, ndipo analankhula Chichewa chokhachokha.

"Amayi, pepani. Ndinalakwa kulandira. Kaphukusi kanu ndi makilo 19."

"Sikelo yabodza imeneyo!"

"Ndiye titsegule, amayi, tione majuziwo."

Anadula tepi. Pamwamba panalidi majuzi awiri. Pansi pake panali poto wachitsulo, ayironi, ndi mabotolo a mafuta ophikira ondandalikidwa bwinobwino.

"Majuziwo si awo?" anatero Mayi Olipa. "Zinazo zangowaperekeza."

Mwaba anaseka mpaka anagwira khoma. Mayi Perpetua anaseka. Mapeto ake Mayi Olipa nawo anaphulika, akudzimenya pa ntchafu.

"Lemba, mwana wa Margreth, lemba! Ndilipira. Koma Davide asapulumuke. Muimbire ndili pompano."

Gladness anaimba, foni ili pokweza mawu.

"Abambo, ndine Gladness. Kiyibodi yanu ndi makilo 24. Ngati ipite, ndi madola anayi pa kilo, ndipo mundiuze zonse zili m'bokosimo. Ngati ayi, ndikubweretserani kunyumba ndi manja awiri."

Bambo Davide anatsokomola.

"Muli kiyibodi. Mulinso tinsapato ta adzukulu m'mbalimu. Ipite. Koma mwanangu, Chichewa chimenechi wachitenga kuti lero?"

"Ndi mantha, abambo."

Zinayenda choncho, foni ndi foni. Ena anadandaula, mmodzi anadula foni, koma Mayi Olipa anamuimbiranso okha ndipo anavomera msangamsanga. Mayi Perpetua ankawonjezera chilichonse pa ndandanda ya katundu wawo. Mapeto ake panatsala bokosi limodzi la makilo 20, lomatidwa tepi yakuda, lopanda dzina. Gladness sanakumbuke amene anabwera nalo, ndipo onse amene anawaimbira analikana.

"Limenelo silikwera," anatero yekha, ine ndisanatsegule pakamwa. Tinaliika m'galimoto ya Mayi Olipa.

Tinakwezanso zotsalazo, Mwaba anayeza, anadinda tikiti yatsopano ya makilo 1,620. Gladness anatseka loko n'kundibwezera makiyi. Ndinawakankhira m'manja mwake momwemo.

6. Geti la ku Fremantle

Mayi Perpetua anakwera nafe, pakati. Nthawi inali itatha kwambiri. Ndinayendetsa mwa lamulo, chifukwa tikiti ya apolisi sindiifuna, koma njira zachidule za mu Perth ndimazidziwa kuposa amene anazimanga.

Tili pa msewu, Mayi Perpetua anagwira bondo la Gladness.

"Mwanangu, usadziimbe mlandu wekha. Phokoso la panja paja ndinalimva ine. Ndinasuzumira pa windo, ndinaona mzere, ndinabwerera kukhitchini. Ndinaopa kuti akanena kuti Perpetua wapita kwawo ndi mtima wouma. Ndinasiya mwana kuti akane zimene ine wamkulu ndinalephera kukana. Akuluakulu anati manyazi anapha Lambe. Kunyamulirana si koipa, ndi kumene kwatisunga kuno kutali. Choipa ndi kusenzetsa mnzako katundu iye osadziwa kulemera kwake. Ulemu si kuvomera chilichonse. Ulemu ndi kunena zoona utagwada."

Tinafika pa depoti mlonda atagwira kale geti kuti alikoke. Ndinaliza hutala, ndinatulutsa mutu pa windo n'kumupatsa moni wa Chingerezi cha ku Pilbara. Anapukusa mutu, koma anatikodola kuti tilowe.

Anayeza. Bambo wa pa sikelo anayang'ana manambala ake, anayang'ana tikiti ya Mwaba, anayang'ananso manambala. Bamboyo anakweza chala chachikulu m'mwamba.

Mwanayo anakhala pansi pa simenti yotentha ija n'kuyamba kuseka. Kenako anati ali ndi njala yoopsa. Ndinamugulira nsomba ndi tchipisi za ku Fremantle, mbale yaikulu, ndipo anamaliza yekha.

7. Lamlungu ku Balga

Mapemphero atatha mu holo imene mpingo umachita lendi ku Balga, anthu anayamba kuimirira. Mayi Olipa anathamangira ku khomo n'kuima pakati, manja m'chiuno.

"Palibe atuluke! Amene munali ndi tiphukusi tosalemera, bwerani kuno. Gladness, werenga maina."

Gladness anaima kutsogolo ndi kuwerenga dzina ndi makilo ake. Dzina lililonse anthu ankalilandira ndi nthungululu. Bambo Davide anabwera akukanda m'mutu, akuti kiyibodi ija idzaimba nyimbo zodula. Mayi Olipa anatulutsa ndalama zawo poyamba kuti ena aone, kenako anasonkhanitsa zonse mu envelopu ndi kupita nayo kwa Mayi Perpetua, atagwira ndi manja awiri.

"Makilo 160, madola 640. Werengani, asisi, tisadzamve kuti kwaya inakudyerani."

Mayi Perpetua anawerenga pamaso pa onse. Zinakwana ndendende. Anakumbatirana, wina anayambitsa nyimbo, ine ndinalowetsa besi yanga yotchuka ija.

Nyimbo itatha, Gladness anakokera pakati bokosi la tepi yakuda lija.

"Latsala ili. Mwini wake ndani?"

Anthu anayang'anana. Palibe anakweza dzanja. Anafunsanso, m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Pamenepo foni yake inanjenjemera m'thumba. Anaiyang'ana, nkhope yake inasintha, ndipo anabwera kudzandionetsa. Nambala inali yachilendo. Uthenga wake unali waufupi: "Bokosilo ndi langa, chonde usalitsegule pamaso pa anthu. Amayi anga ali momwemo mu holomo."